Ndere, madzi ndi mkuwa: kope langa la ku Chongoni

14 Juni

Chisanu cha chaka chino chalawirira. M'mawa nditatsikira kudamu ndinapeza nthunzi ikufuka pamadzi ngati pamphika wa phala, phiri la Chongoni litabisala m'nkhungu. Makumba akazizidwa sadya, amangoti duu pansi, moti madeya amene ndinawaza dzulo anali akuyandamabe. Zokondwa m'damumo ndi ndere zokha. Zayala mbali yonse yolowera madzi, zobiriwira ngati msipu wa mu Januwale. Ndinatapako ndi dzanja. N'zoterera ngati therere, ndipo ukaziyang'anitsitsa ndi tiulusi tatitali, topanda nthambi, tosalala kuposa tsitsi la khanda. Ukafinya zimapulumuka m'zala.

Kope ili ndaliyamba chifukwa cha zimene zinachitika Lamulungu. Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira sayansi ya madzi ku yunivesite, wabwera kutchuthi. Anandipeza ndikutsuka sipuleya m'ngalande yothira m'damu, nditangomaliza kupopera tomato wa kudimba mankhwala a chiwawu, obiriwira aja timangoti kopa. Anaima chete kaye, kenako anati, "Amalume, mukudziwa kuti ufa umenewo pafupifupi theka lake ndi mkuwa?" Ndinamuyankha zimene aliyense kuno angayankhe, kuti madzi oyenda sasunga kanthu, mawa adzakhala ali ku Linthipe. Iye analoza ndere. "Madziwo apitadi, koma izi sizipita. Ndipo nsomba zanu zimadya zomwezi."

Usiku umenewo tulo tinavuta. Nsombazi amadya ndi ana anga. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, ndipo zitsulo zimene ndimadziwa ndi khasu, malata ndi misomali. Zoti chitsulo chingasungunuke m'madzi oyera mbee n'kukalowa m'chomera sindinaziganizirepo. Ndamupempha kuti azindiphunzitsa pang'onopang'ono, ine ndizilemba. Wavomera, koma wayamba ndi mawu amene andizunguza mutu. Akuti madzi a malo awiri angakhale ndi mkuwa wofanana ndendende, kwina ndere n'kufa, kwina n'kumangokondwa. Ndinafunsa chimene chimasiyanitsa. Anati ndi khalidwe la madziwo. Khalidwe limenelo ndilo ndikufuna kulimvetsa.

19 Juni

Wandipatsa kabokosi ka timapepala toyezera pH. Ukaviika kamodzi m'madzi kamasintha mtundu, ndiye umafananiza ndi mitundu yojambulidwa pakabokosipo, kuyambira 0 mpaka 14. Pa 7 ndi pakatikati. Kutsika mmunsi ndi kowawasa, kwa asidi. Kukwera ndi mbali ya chidulo. Atangotchula chidulo ndinamva msanga, poti ndakula ndikuona amayi akudontheza madzi m'phulusa la zitsononkho pofuna kuphika therere. Tinayesa madzi a mandimu, kapepala kanafiira n'kuloza pa 2. Chidulo cha mayi a kunyumba chinapitirira 10.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndichilembe kuti ndisabwerezenso. Manambalawa ndinawatenga ngati a pa tepi yoyezera munda, kuti 5 ndi 7 angosiyana mapazi awiri. Ayi ndithu. Kutsika nambala imodzi ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Madzi a pH 5 ali ndi asidi woposa a pH 7 ka 100. Muyeso umenewu anaukonza katswiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, mu 1909, akugwira ntchito mu labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, dzina lomwe lija la fakitale ya mowa imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968.

Mayi a kunyumba ankatiyang'ana ali pakhonde, ndipo anati, "Zosintha mitunduzo n'zachilendo ngati?" Anaviika chidede m'madzi otentha, madzi anafiira psuu. Atadonthezamo chidulo anada, n'kuyamba kubiriwira. Atafinyiramo ndimu anafiiranso. Mwana uja anawomba m'manja, akuti ku kalasi amachita zomwezo ndi kabichi wofiirira.

Madzulo tinazungulira ndi timapepala tathu. Pakasupe wa m'munsi mwa thanthwe, 6. Pamjigo wa kumudzi, pakati pa 7 ndi 8. Madzi a m'dambo, odera aja, 6. M'damu langa, 7.

27 Juni

Lero ndiye linali phunziro lenileni, ndipo landitengera tsiku lonse.

Mkuwa ukasungunuka m'madzi suoneka ndi maso, umakhala tizidutswa tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu yokoka, timene amati ma ion. Tina timayenda tokha. Tina timagwidwa ndi zinthu zina za m'madzimo n'kumayenda titamangidwa. Ndere zimamwa makamaka toyenda tokhato. Mwana uja anabwereza katatu ine osamva, mpaka ndinakumbukira mbuzi. Nthawi ya dzinja, mwini munda safunsa kuti m'mudzi muno muli mbuzi zingati. Amafunsa kuti zosamangidwa ndi zingati. Mudzi wa mbuzi 100 zonse zili pachingwe chimanga chimakula bwino, pamene mudzi wa mbuzi zisanu zongoyendayenda munda umatha. Nditamuuza choncho anati ndilembe momwemo. Akuti akatswiri awiri a ku America, William Sunda ndi Robert Guillard, anaonetsa zimenezi mu 1976 pa ndere za m'nyanja yamchere: chimene chinkalepheretsa ndere kukula sichinali mkuwa wonse wothiridwa m'madzi, koma gawo losamangidwalo.

Nanga zingwezo ndi ziti? Choyamba ndi utoto wodera wa m'madzi a m'dambo, aja amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Umachokera ku masamba ndi udzu zowolerana, ndipo umagwira mkuwa ndi mtovu zolimba kwambiri. Chachiwiri ndi carbonate, amene amachuluka m'madzi okhala nthawi yaitali pansi pa nthaka. Chachitatu ndi mchere, umene umamanga makamaka chitsulo china choopsa chotchedwa cadmium.

Palinso nkhani ya pakhomo. Ndere sizidana ndi zitsulo zonse. Zimafuna pang'ono pokha pa mkuwa, zinki, manganese ndi ayironi kuti zipange chakudya ndi dzuwa, choncho khungu lake lili ndi timakomo tolowetsera zimenezi. Cadmium, amene ndere zathuzi zilibe naye ntchito, amazembera pakhomo la zinki ndi la manganese chifukwa amafanana nazo. Tsono madzi akakhala ndi kashiamu ndi magnesium wambiri, ziwirizi zimadzazana pamakomopo ndi pakhungu ponse, chitsulo choopsa n'kusowa pokhala. Madzi otere tonse timawadziwa ngakhale sitiwayeza. Ndi aja sopo sachita thovu, aja amasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo. Pamjigo wathu ndi choncho. Amayi ambiri akafuna kuchapa mabulangete amalolera mtunda wa kukasupe, chifukwa kumeneko sopo pang'ono thovu tho. Madzi otsika m'matanthwe a Chongoni sapeza kashiamu wambiri panjira. Ndiye kuti madzi okoma aja, opepuka pakhosi, amene ndimawanyadira kuti ndiwo amalowa m'damu langa, ndi amene alibe chingwe ngakhale mlonda wa pakhomo. Mkuwa ukagweramo umafika ku ndere uli womasuka.

Chomaliza chimene ndalemba lero: kumwa kwake kuli pawiri. Poyamba chitsulo chimangomatirira kunja, pa zoterera zija, ndipo izi zimachitika m'mphindi zochepa, ngakhale ndere zitafa kale. Kenako china chimalowa m'kati pang'onopang'ono, kwa maola ndi masiku, ndipo apa pamafunika ndere zamoyo.

5 Julayi

Ndinafuna kuona ndi maso anga. Ndinatsuka mabotolo atatu, limodzi madzi a pakasupe, lina a pamjigo, lina a m'dambo. Lililonse ndinaikamo ndere zokwana kansonga ka chala, n'kuthiramo sipuni ya madzi otsukira sipuleya. Kutacha zonse zinali zitayera ngati thonje lonyowa, m'mabotolo onse atatu.

Mwana uja wabwerera kusukulu, ndiye ndinamutumizira chithunzi pa WhatsApp. Anayankha ndi uthenga wa mawu. "Amalume, mwathira wambiri zedi, palibe chingwe chingamange zonsezo. Komanso botolo lopanda mankhwala lili kuti? Mudziwa bwanji kuti sizinafe ndi kuzizira kapena ndi botololo?" Zoonadi. Popanda lofananizira, palibe chimene ndaona. Koma kuyera kwa ndere zija kwandikhala pamtima, chifukwa madzi amenewo ndi omwe ndakhala ndikutayira m'ngalande zaka zonsezi.

16 Julayi

Ulendo wachiwiri ndinadekha. Mwana uja anandisimbira za katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Carl Nägeli, amene zolemba zake zinatuluka mu 1893 iye atamwalira kale. Anapeza kuti ndere za mtundu wa Spirogyra zimafa m'madzi amene mwangogonamo ndalama zamkuwa, mkuwa wake wochepa kwambiri. Ndipo mwana uja akuti zanga zotererazi, zopanda nthambi, ndi za mtundu womwewo. Mphunzitsi wina wa kusekondale, mnzanga wa kutchalitchi, anandilola kusuzumira pa maikulosikopu. Ndinaona kaulusi kamodzi kogawika zipindazipinda ngati nsungwi, ndipo m'chipinda chilichonse muli kalamba kobiriwira kopotana ngati sipuling'i ya chishalo cha njinga. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Chinthu chimene ndimachikokolola ndi leki n'kutaya kumtunda, m'kati mwake n'chokongola chonchi.

Tsono ndinasenda waya wakale wa magetsi, ndinamupala ndi mchenga mpaka kuwala, n'kumuviika m'jagi ya madzi a pakasupe masiku atatu. Madzi amenewo ndiwo anakhala mankhwala anga. Mabotolo asanu ndi limodzi, awiri pa mtundu uliwonse wa madzi: lina lothira masipuni awiri a madzi a waya, lina losathira kanthu. Onse pawindo limodzi, pofika kuwala koma posawomba dzuwa la masana.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri, zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachitatu, m'botolo la pakasupe lothira mkuwa ndere zinayamba kutuwa, tiulusi tikuduka ndikagwedeza, kuterera kuja kutachepa. La pamjigo linayamba kufooka cha tsiku lachisanu, koma mbali ina inali yobiriwirabe. La m'dambo lafika lero, sabata yathunthu, silikusiyana ndi linzake losathira. Atatu osathirawo onse ali bwino.

Mkuwa wofanana, masipuni omwewo, windo lomwelo. Ndinaitana mayi a kunyumba ndi ana kuti adzaone, ndipo mwana wanga wamkulu anafunsa ngati ndiye kuti madzi akuda a m'dambo ndi abwino kumwa kuposa a pakasupe. Ndinamuuza kuti ayi, amenewo ali ndi tizilombo take. Nkhani pano ndi ya ndere ndi mkuwa basi.

Mwana wa mchemwali uja wandichenjezanso kuti kutuwa kwa ndere kukuonetsa kuti zapwetekeka, sikuyeza kuti zamwa mkuwa wochuluka bwanji. Kuyeza kumeneko n'kwa makina a mu labotale.

24 Julayi

Sabata ino ndinasokonezeka kwambiri, ndipo mpaka dzulo ndinali wokhumudwa.

Ndinali nditamva kuti asidi amamasula zitsulo. N'zoona: madzi akawawasa, chitsulo chimene chinamatirira kumatope kapena kugwidwa ndi carbonate chimamasuka. Ndiye ndinaganiza kuti ndikawawasitsa madzi, ndere zifa msanga. Ndinatenga mabotolo awiri a madzi a pakasupe, onse othira madzi a waya. M'limodzi ndinadonthezamo ndimu pang'onopang'ono mpaka kapepala kanaloza pa 5. Ndinayembekeza kuti limeneli liyera mawa lake. Zinatembenuka. Lopanda ndimu linatuwa tsiku lachitatu monga kale, la ndimu linali lobiriwirabe.

Ndinamuimbira foni mwana uja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti asidi ndinamutenga kuti. Nditati ku mandimu, anati, "Amalume, pamenepo mwathira asidi ndi chingwe nthawi imodzi." Asidi wa m'mandimu, citric acid, ali ngati dzanja la zala zitatu, ndipo amafumbata mkuwa. Ndimati ndikumasula mbuzi, koma ndinali ndikuimanga ndi chingwe chatsopano.

Sizinathere pomwepo. Akuti ngakhale ndikanagwiritsa ntchito asidi wopanda chingwe, yankho silikanakhala lapafupi. Asidi ndi tizidutswa ta hydrogen, ndipo nato timakokedwa ndi khungu la ndere monga momwe chitsulo chimakokedwera. Tikachuluka timalanda malo. Choncho madzi akawawasa pamachitika zinthu ziwiri zokokerana kosiyana: chitsulo chomasuka chimachuluka m'madzi, koma malo oti chimatirire pa ndere amachepa. Chimene chipambane chimadalira chitsulo chake ndi madzi ake. Akatswiri awiri a ku Canada, Peter Campbell ndi Pamela Stokes, analemba za zimenezi mu 1985, nthawi imene mvula ya asidi inkawononga nyanja za kwawoko. Anaona kuti kwa cadmium, mkuwa ndi zinki, kuwawasa kwa madzi kawirikawiri kumachepetsa kulowa kwa chitsulo m'zamoyo, pamene kwa mtovu kumaonjezera.

Ndinamuuza mosabisa kuti ndimafuna lamulo limodzi loti ndikauze anzanga a m'madimba, lakuti madzi akakhala chonchi ndiye ngozi. Anati lamulo loterolo likanakhala losavuta kunena koma likanatinamiza. Ndalingalira usiku wonse ndipo ndavomereza. Ngakhale feteleza yemweyo sagwira mofanana pa katondo ndi pa dothi lakuda la m'dambo, ndipo mlimi aliyense wa mbatatesi kuno ku Dedza amadziwa zimenezo popanda buku.

Anatchulanso kuti ku Chancellor College ku Zomba, a Samson Sajidu ndi anzawo anayesa njere za chammwamba pochotsa zitsulo m'madzi, ndipo nakonso pH ndiyo inkalamula kuti njerezo zigwire zochuluka bwanji.

10 Ogasiti

Kunabwera alendo a kutchalitchi ochokera ku Lilongwe, ndipo ndinawaperekeza ku Chentcherere kukaona zojambula za pamiyala. Dera lathuli linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo malo ojambulidwa ndi 127. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za gule, ndipo za tanthauzo lake si zolemba m'kope. Ndapitako kambirimbiri, koma ulendo uno ndinaima pa zofiirazo ndi maso ena. Kufiira kumeneko ndi ayironi amene anakumana ndi mpweya, dzimbiri la m'nthaka. Lakhala pathanthwe zaka zosawerengeka osasuluka, chifukwa ayironi akafika pamenepo sasungunukanso wamba.

Pobwerera ndinadzera kudambo. Pali malo pamene madzi amatuluka m'matope ali oyera, koma ukatsika mapazi khumi pansi ponse pali utoto wa dzimbiri, ndipo pamwamba pamayandama kanthu konyezimira ngati mafuta a galimoto. Kale ndinkati wina anatayapo oyilo. Ndinagwaza ndi kamtengo monga mwana uja anandilangizira. Kanasweka tizidutswatizidutswa ngati galasi, osalumikizananso. Oyilo akanabwererana. Ndi ayironi. Pansi pa matope, popanda mpweya, ayironi ndi manganese zimasungunuka n'kuyenda ndi madzi. Zikatulukira kunja n'kukumana ndi okosijeni zimagwa ngati dzimbiri.

Ndere za pamenepo sizobiriwira ngati zanga, zavala dzimbirilo. Nditazifinya m'manja munatsala kufiira. Ndipo akuti dzimbiri limeneli ndi msampha waukulu wa mtovu ndi zitsulo zina, kuposa khungu la ndere lenilenilo. Munthu akangotola ndere zotere n'kukayezetsa osatsuka, ndiye kuti wayeza dzimbiri ndi matope n'kumati ndi ndere. Ku labotale amayamba atsuka bwino, ndipo akafuna kusiyanitsa chakunja ndi cham'kati amatsukuluza ndi mankhwala otchedwa EDTA, amene amakokolola chomatirira kunja n'kusiya chimene chinalowa.

Kwa nsomba yanga kusiyanitsako kulibe ntchito kwenikweni. Iyo imameza zonse, ndere, dzimbiri ndi matope omwe.

2 Seputembala

Kwayamba kufunda, nsomba zayambanso kudya. Kumapiri usiku kukuoneka mizere ya moto wa osaka mbewa, ndipo m'mawa phulusa limagwera padamu. Phulusa ndi chidulo chosadontheza, choncho nalonso limakankhira madzi kumtunda kwa 7.

Koma chimene chandidabwitsa n'china. Ndinayeza madzi pakati pa ndere 6 koloko m'mawa: 7. Ndinayezanso pamalo omwewo 2 koloko masana: 9. Ndinati kapepala kawonongeka, ndinatenga kena. 9 yemweyo. Mawa lake chimodzimodzi, ndi mkuja womwe.

Masana ndere zimadzaza tithovu, mphasa yonse n'kutukuka kuyandama pamwamba, ndipo ukaikhudza imachita kuti thithithi. Tithovuto ndi okosijeni. Dzuwa likawala ndere zimayamwa mpweya wa carbon dioxide m'madzi, ndipo mpweya umenewo ndi umene umawawasitsa madzi pang'ono. Ukachoka, pH imakwera. Usiku ndere, nsomba ndi matope zonse zimapuma n'kuubweza, pH n'kutsikanso. Kuchoka pa 7 kufika pa 9 ndi kusintha ka 100, tsiku lililonse, m'damu lomwelo.

Ndiye kuti si madzi okha amene amalamula ndere. Nazonso ndere zimasintha madzi. Masana, pH itakwera ndiponso okosijeni atachuluka, manganese ndi ayironi zimagwera pa ndere, zinki ndi zinzake zimamatirira, ndipo madzi amaoneka ngati ali ndi chitsulo chochepa. Usiku china chimamasukanso. Munthu wotunga madzi okayezetsa masana ndi wotunga mbandakucha angabwere ndi mayankho osiyana, onse osanama. Kuyambira lero chilichonse chimene ndiyeza ndizilemba ndi ola lake.

21 Seputembala

Mwana uja wanditumizira nkhani ya kafukufuku wa konkuno ku Malawi, ndipo anandimasulira pafoni ndime ndi ndime. Inatuluka mu 2008. A Chikumbusko Kaonga ndi anzawo anatola madzi ndi ndere za mtundu wa Spirogyra aequinoctialis m'mitsinje ya mu mzinda wa Blantyre, monga Mudi, Naperi ndi Limbe, m'dzinja ndi m'chilimwe. Anayeza manganese, cadmium ndi mtovu. Anapeza kuti zitsulozi zinali zochuluka mu ndere kuposa m'madzi amene nderezo zinkakhalamo, ndipo anati ndere zimenezi zingathandize kulondalonda kuipa kwa mitsinje kwa nthawi yaitali. Botolo la madzi limangokuuza za mphindi imene unatunga. Ndere zimasunga za masabata.

Ndinasangalala kumva kuti ana a kuno kwathu anachita ntchito yotere pa ndere zomwe timazipondazi. Koma ndi zimene ndaona m'mabotolo anga, ndikuona kuti ndere ndi mboni yofunika kuifunsa mosamala. Za m'madzi a kashiamu wambiri zingasunge chitsulo chochepa pamene mtsinjewo uli nacho chambiri. Za pakasupe zingasunge chambiri kuchokera ku chochepa. Woyerekeza mitsinje iwiri ayenera kudziwa pH, kashiamu ndi kudera kwa madzi a uliwonse.

Kuno kulibe mafakitale a ku Blantyre, koma ndawerenga zimene tili nazo. Kopa wa tomato. Mankhwala achikasu a chiwawu cha mbatatesi, mancozeb, amene ambiri timawadziwa ndi dzina la Dithane, muli manganese ndi zinki. Mabatire a tochi ndi wailesi amene ana amaswa n'kutaya paliponse, muli zinki ndi manganese. Mabatire akuluakulu a sola ndi a galimoto, muli mtovu. Feteleza wa phosphate amatha kukhala ndi cadmium pang'ono wochokera ku mwala umene anapangira.

Malire a bungwe la WHO pa madzi akumwa ndi awa: mtovu mamiligalamu 0.01 pa lita, cadmium 0.003, mkuwa 2. Nambala ya mkuwayo yandiphunzitsa kanthu. Munthu amapirira mkuwa kuposa ndere kutalitali, moti madzi oti ine ndingamwe osadwala angathe kupha ndere zonse za m'damu. Koma mtovu ndi cadmium n'zoopsa kwa ife ngakhale zitachepa chotani, ndipo ndere zingathe kuzisunga zili zobiriwira bwinobwino. Kubiriwira kwa damu si umboni woti zonse zili bwino.

12 Okutobala

Ndakumba dzenje kumtunda kwa dimba, kutali ndi ngalande, pa katondo, n'kuikamo makala ndi zinyalala zowola. Sipuleya ndikutsukira pamenepo, ndi madzi otunga m'ndowa. Mneba wanga wa dimba la kumtunda anandipeza ndikukumba ndipo anafunsa. Sindinamuuze za ma ion. Ndinamutengera kunyumba n'kumuonetsa mabotolo awiri a pakasupe amene ndinakonzanso sabata yatha, lobiriwira ndi lotuwa, ndi waya uja. Anawatembenuza m'manja nthawi yaitali. "Achimwene, kawaya komweka?" Ndinati komweko. Dzulo ndamuona akutsika ndi ndowa.

Ndasiyanso kupatsa abakha ndere zokokolola pamalo olowera madzi. Ndere zikafa n'kuwola, chitsulo sichiwola nawo, chimabwerera kumatope kapena kulowa mwa chimene chadya.

18 Novembala

Mvula yoyamba inagwa usiku wa dzana, yamphamvu, ya mabingu. Ngalande inasefukira ndi madzi ofiira a m'minda, phulusa la lupsa ndi zinyalala za chilimwe chonse. M'mawa damu linali ngati thobwa. Mphasa ya ndere ija yang'ambika, ina yakwiririka ndi matope, ina yapita ndi madzi. Ndinayeza 6 koloko: 6. Masana, kuli mitambo, sinapitirire 7.

Mwayi wake ndinali nditatola kale ndere Lachisanu, mvula isanabwere, monga mwana uja anandilangizira. Malo atatu: polowera madzi m'damu, potulukira, ndi kukasupe kumtunda kwa madimba onse. Ndinatola ndi manja osamba, osagwiritsa ntchito chitsulo chilichonse, n'kutsukuluza katatu m'madzi a pamalo pomwepo mpaka matope atatha. Ndinayanika pa pulasitiki woyera m'chipinda, pamthunzi, osati padenga la malata chifukwa cha zinki. Zikauma zimapepuka modabwitsa. Dzanja lodzaza limasanduka kanthu ngati kapepala kobiriwira motuwa, konunkha ngati usipa wa patali. Ku labotale akazisungunula mu asidi wamphamvu n'kuziyeza pa makina otchedwa atomic absorption spectrophotometer, amene amawotcha madziwo pa lawi n'kuona kuwala kumene chitsulo chilichonse chimameza.

Timatumba titatu tili pathebulo. Pa kalikonse ndalemba malo, tsiku, ola, pH ya m'mawa ndi ya masana, mtundu wa madzi, ndi ngati sopo anachita thovu kapena ayi. Mwana uja wati aphunzitsi ake avomera kuti aziyeze pamodzi ndi zake za kalasi. Mchemwali wanga akwera minibasi ya ku Lilongwe Lolemba pa Linthipe, ndipo azitenga. Ine ndatsala ndi timapepala 11. Ndikusungira Januwale, ndere zikadzameranso m'madzi a dzinja, kuti ndidzatole pamalo atatu omwewo.